Mlendo ndi Kalumo Kake: Mbiri ya Kafukufuku wa Chikhalidwe ku Zomba

Dzina la Zomba likatchulidwa, ambiri amaganiza za phiri ndi mitengo yake ya paini, za damu la Mulunguzi, kapena za nyumba zakale za atsamunda zimene zidamangidwa m'tsinde mwa phirilo pamene tauniyi idali likulu la Nyasaland. Ena amakumbukira ndende, ena asilikali a ku Cobbe Barracks. Koma pali ntchito ina imene yachitika m'tauni imeneyi kwa zaka zoposa makumi asanu, yomwe sionekera kwa munthu wongodutsa pamsewu wa ku Liwonde. Iyi ndi ntchito yosonkhanitsa, kulemba ndi kusanthula miyambi, nthano, nyimbo, magule, ziyankhulo ndi mbiri ya anthu a dziko lino. Adaigwira ndi ana a Malawi pamodzi ndi alendo ochokera ku Netherlands, Britain, Ireland, Austria, Germany ndi America, ndipo mgwirizano wawo udali ndi zokoma zake komanso minga yake.

Chiyambi cha nkhaniyi ndi moto. M'chaka cha 1919 nyumba ya maofesi a boma ku Zomba idapsa, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa Angerezi adasanduka phulusa. Nkhokwe yosungira zolembedwa za boma idakhazikitsidwa m'tauni yomweyi mu 1947, poyamba ngati nthambi chabe ya nkhokwe yaikulu ya ku Salisbury, kenako idatchedwa National Archives of Malawi, ndipo ilipo mpaka lero. Komabe ngakhale makalata aja akadapulumuka, akadanena zochepa za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe okhala mozungulira phirilo. Bwanamkubwa ndi ma DC ankalemba za msonkho, za thangata ndi za milandu. Za mmene mvula inkapemphedwera, za chimene amayi ankaimba pamtondo, kapena za ufumu wa Kalonga, Undi ndi Lundu, zidali m'mitu ya akuluakulu basi. Wofuna kulemba mbiri ya Malawi adayenera kutuluka m'nyumba ya mabuku ndi kukakhala pamphasa.

Amalawi ena adayamba kale ntchitoyi yunivesite isadabwere. Samuel Ntara adalemba Mbiri ya Achewa atafunsa mafumu ndi madoda, ndipo buku lake lina, Nthondo, lidapata mphoto pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za ziyankhulo za mu Africa m'chaka cha 1933. Stevenson Kumakanga adasonkhanitsa miyambi mu Nzeru za Kale, ndipo John Gwengwe adalemba Kukula ndi Mwambo. Anthu amenewa adalibe madigiri, koma ndiwo adalambula njira imene madokotala a maphunziro adadzadutsamo pambuyo pake, ndipo sikawirikawiri kuti amathokozedwa mokwanira.

Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo maphunziro adayamba mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Koleji ya Chancellor idasamukira ku Chirunga, ku Zomba, mu 1973. Patangotha zaka ziwiri, mu 1975, likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe. Choncho pamene nduna ndi alembi a boma ankalongedza katundu, aphunzitsi ndi ophunzira ankamasula wawo. Zomba idatsala tauni yaing'ono ndi yabata, momwe wambiri yakale, wachipembedzo, wazisudzo ndi waziyankhulo ankakumana tsiku lililonse pamsika umodzi ndi m'makonde amodzi a njerwa zofiira. Kuchepa kwa malowo kudathandiza. M'mayunivesite akuluakulu a ku Ulaya nthambi iliyonse imakhala ndi mpanda wake, ndipo pamafunika kukhazikitsa malo apadera kuti akatswiri a maphunziro osiyana akumane, monga adachitira ku Birmingham mu 1964 pamene Richard Hoggart adatsegula malo ophunzirira za chikhalidwe cha makono. Ku Chirunga mipanda yotere idali yaifupi kuyambira pachiyambi. Ndiponso chimene ankafufuzacho sichinkalola kugawidwa. Gule Wamkulu ndi chipembedzo, ndi gule, ndi luso losema, ndi sukulu ya mwambo, komanso ndi mbiri ya mmene mudzi udalimbanirana ndi amishoni. Nanga nthambi imodzi ikadamusenza bwanji? Mutu umodzi susenza denga.

Pamwamba pa zonsezi padali munthu mmodzi amene ankadziona ngati mwini wake wa Chichewa ndi mwambo. Dr Hastings Kamuzu Banda adali mkulu wa yunivesiteyo, ndipo iye mwini adalawako mgwirizano wa akatswiri a maiko osiyana ali mnyamata. Pamene ankaphunzira ku Chicago kumayambiriro a zaka za m'ma 1930, ndiye ankayankha mafunso a Mark Hanna Watkins, katswiri wachikuda wa ku America, amene adatulutsa buku la malamulo a Chichewa mu 1937. Mu 1946 Banda ndi Cullen Young adatulutsa Our African Way of Life. Atakhala mtsogoleri, msonkhano wa chipani chake wa 1968 udalamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Chaka chomwecho kudabwera lamulo lopatsa mphamvu bungwe lounika mabuku ndi zisudzo. Mu 1972 kudakhazikitsidwa Chichewa Board, imene idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, nkuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Motero kafukufuku wa chikhalidwe adalimbikitsidwa ndi kuopsezedwa nthawi imodzi. Kufufuza za ufumu wa Maravi kudali kololedwa. Kufunsa chifukwa chimene Mtumbuka kapena Mlomwe sakumvekera pa wailesi kudali kuputa mavu. Chodabwitsa nchakuti mwini Chichewa yemweyu atamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, adaikamo Chilatini ndi Chigiriki, Chichewa nkuchisiya kunja kwa mpanda.

Mwa alendo onse amene adaphunzitsa ku kolejiyi, amene adalowa mozama kwambiri m'mwambo ndi Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Netherlands. Adafika m'dziko muno mu 1955 ndipo adatumikira ku chigwa cha Shire, kumene adadziwana ndi osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje. Ataphunzira za chikhalidwe cha anthu ku Oxford, adadzaphunzitsa ku yunivesite ya Malawi m'zaka za m'ma 1970. Iye adaona kuti nthano ya Mbona, mlauli wa mvula amene adaphedwa ndi adani ake, siinenedwa mofanana paliponse. Anthu wamba amaifotokoza mwina, a kubanja la mafumu mwina, osunga kachisi mwinanso. Ena akadati kusiyanaku ndi umboni wakuti nthanoyo ndi yabodza. Schoffeleers adati kusiyanako ndiye chuma chake, pakuti gulu lililonse lidasunga mbali ya mkangano weniweni wa pakati pa ufumu wa Lundu ndi eni kachisi, cha m'ma 1600, pamene Apwitikizi ankalowerera m'chigwa cha Zambezi. Maganizo amenewa adawalemba mu River of Blood, buku lomwe lidatuluka ku Wisconsin mu 1992, ndipo adaikamo nthanozo m'Chimang'anja momwe adazimvera. Si onse adavomereza. Katswiri wina wa ku Britain, Christopher Wrigley, adatsutsa mu 1988 kuti nthano yotere imanena za chilengedwe ndi milungu, osati za mafumu a chaka chakutichakuti. Mkanganowo udali wabwino, chifukwa udasonyeza kuti mawu a nkhalamba ya ku Nsanje akhoza kuyesedwa pa sikelo imodzi ndi makalata a ku Lisbon. Schoffeleers yemweyo, pamodzi ndi Adrian Roscoe wa nthambi ya Chingerezi, adatulutsa Land of Fire mu 1985, buku la nthano zochokera m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lino.

Zimene wansembeyu ankafufuza zidalowa m'manja mwa mlembi wobadwira ku Zomba komweko, Steve Chimombo, amene adalemba sewero la The Rainmaker pa nkhani ya Mbona. Chimombo adatenganso Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu amati chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, monga zidachitikira ku Zomba mu December 1946 pamene madzi ndi miyala zidatsika m'phiri nkuononga milatho ndi nyumba. M'ndakatulo zake Napolo adasanduka dzina la chilichonse chimene chimameza anthu popanda wofunsa, ndipo owerenga a nthawi imeneyo sankasowa womasulira. Mu 1988 adatulutsa buku lofotokoza luso la nthano, ndagi ndi nyimbo za Amalawi, momwe adayesa kuyeza lusolo ndi mawu a eni ake monga ulimbaso, m'malo mobwereka miyeso ya ku Ulaya.

Buku limenelo lidasindikizidwa ndi Centre for Social Research, malo a kafukufuku amene adatsegulidwa ku Zomba mu 1979 mothandizidwa ndi UNICEF. Ntchito yake yaikulu idali kuunika zitukuko: zitsime, zakudya za ana, sukulu za kwacha. Koma chifukwa chokhala pafupi ndi koleji, malowa adakhala bwalo lokumanirapo azachuma, azambiri ndi azaluso. Ndiwonso adathandiza kusindikiza mu 1987 buku la Gerhard Kubik wa ku Vienna lonena za nyimbo za Malawi, limene adalemba mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi woimba Donald Kachamba a ku Chileka. Apa mayina a eni nyimbo adalembedwa pachikuto, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

Chitsanzo chogwira mtima cha phindu la kuphatikiza maphunziro ndi ntchito ya Megan Vaughan, amene adaphunzitsa mbiri yakale ku Chancellor. Iye adafufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Makalata a boma ankati njalayo idadza chifukwa cha chilala, kuchuluka kwa anthu, kuguga kwa nthaka ndi kulima fodya m'malo mwa chimanga. Amuna okalamba atafunsidwa ankasimba za maulendo ataliatali okasuma chakudya. Koma amayi adali ndi nkhani ina, ndipo adaisunga m'nyimbo za pamtondo: nyimbozo zinkanena za amuna amene adapita kukasuma osabwereranso, za mabanja amene adatha, ndi za akazi amene thandizo la boma lidawalambalala chifukwa adalibe mwamuna wolembedwa ntchito. Buku lake, The Story of an African Famine, lidatuluka mu 1987. Popanda kumvetsera mtondo ndi munsi, theka la mbiri ya njala imeneyo likadakwiriridwa pamodzi ndi agogo aja.

Ophunzira a nthambi ya mbiri nawo ankatumidwa kumidzi ya kwawo pa tchuthi kuti akafunse akuluakulu, ndipo zimene adapeza adazilemba m'timabuku ta chaka chomaliza timene akatswiri akunja akhala akutitchula kwa zaka zambiri. Kings Phiri adalemba za mbiri ya Achewa pogwiritsa ntchito mbiri ya pakamwa ndipo adalandira digiri yake ya udokotala ku Wisconsin mu 1975. Owen Kalinga adachita chimodzimodzi ndi ufumu wa Kyungu wa Angonde. A zisudzo, motsogozedwa ndi Chris Kamlongera ndi David Kerr, adanyamula masewero kupita nawo kumidzi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 adagwira ntchito ndi azaumoyo m'dera la Liwonde, anthu a m'mudzi eni ake nkumalowa m'sewero kukambirana za zitsime ndi zimbudzi. Kwa anthu ozolowera kungouzidwa zochita ndi apampando a chipani, kufunsidwa maganizo pabwalo kudali chinthu chachilendo.

Ngakhale malamulo a chiyankhulo adayenda ulendo wautali kuchokera ku Chirunga. Sam Mchombo, amene adaphunzitsa m'nthambi ya Chichewa asadapite ku America, adalemba ndi Joan Bresnan wa ku Stanford nkhani ya mu 1987 imene idachititsa kuti Chichewa chidziwike kwa akatswiri a ziyankhulo dziko lonse lapansi. Zimene mwana wa ku Chinamwali amanena osaganizako, monga kusiyana kwa "mtengo wagwa pamsika" ndi "pamsika pagwa mtengo", momwe malo amalanda udindo wa mwininkhani mpaka mneni nkuwatsatira, zidakhala nkhani yokambidwa m'makalasi a ku California.

Koma kalumo kakuthwa kamacheka ndi mwini wake yemwe. Gulu la alembi la Writers' Group, limene lidayamba mu 1970 koleji ikadali ku Chichiri, lidazindikira msanga kuti mwambi ndi chishango. Alakatuli monga Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande adaphunzira kwa agogo luso lonena chinthu mozungulira, kuti wolakwa amve koma asapeze pogwira. Nadzikambe, kalulu, m'bandakucha, ngakhale dzenje la Chingwe la pamwamba pa phiri la Zomba, limene anthu amati kale ankaponyamo anthu, zonsezi zidalowa m'ndakatulo ndi matanthauzo awiri. Boma silidachedwe kununkhiza. Landeg White adathamangitsidwa m'dziko muno mu 1972. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 aphunzitsi angapo, ambiri a iwo ochokera kumpoto, adatsekeredwa popanda mlandu, mmodzi mwa iwo Felix Mnthali. Mapanje, amene adayambitsa kabuku ka Kalulu kosungiramo nthano ndi nyimbo za pakamwa, adatulutsa Of Chameleons and Gods ku London mu 1981, ndipo mu 1985 bukulo lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo. Pa 25 September 1987 apolisi adamugwira ku Gymkhana Club m'tauni ya Zomba nkukamutsekera ku Mikuyu, mtunda waufupi kuchokera ku ofesi yake, kumene adakhala zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16 osaonekera kubwalo la milandu.

Apa mpamene ubale wa akatswiri a maiko osiyana udaonetsa kuti si wa misonkhano ndi mapepala okha. Mnzake wa m'nthambi ya Chingerezi, Bambo Pádraig Ó Máille wa ku Ireland, adatumiza uthenga kwawo pa lamya m'chiyankhulo cha makolo ake, chimene omvetsera mobisa a boma sakadachimva. Uthengawo udafika kwa Landeg White ku York, ndipo posakhalitsa wailesi ya BBC idaulutsa za kumangidwako. Munthu amene dziko lonse ladziwa kuti ali m'manja mwa apolisi ndi wovuta kumusowetsa. A Amnesty International, a PEN, alembi ndi akatswiri a ziyankhulo adalemba makalata osaleka. Mu 1988 Wole Soyinka adakalandira mphoto ya ndakatulo ku Rotterdam m'malo mwa wandendeyo. Mapanje adatulutsidwa mu May 1991 ndipo adapita ku Britain. Ó Máille naye adapirikitsidwa mu 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika ya mwezi wa March chaka chimenecho itagwedeza dziko, ophunzira a ku Chirunga nkuguba poivomereza.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, zitseko zidatseguka. Chichewa Board idathetsedwa, ndipo mu 1996 m'malo mwake mudabadwa Centre for Language Studies pansi pa yunivesite, mkulu wake woyamba ali Al Mtenje. Kusiyana kwake kudali kwakukulu: bungwe lakale linkalondera chiyankhulo chimodzi, pamene latsopanoli lidapatsidwa udindo wa ziyankhulo zonse za dziko lino. Lidakonza kalembedwe ka Chiyao, Chitumbuka ndi zina, lidachititsa misonkhano ya za chiyankhulo chophunzitsira mothandizidwa ndi bungwe la GTZ la ku Germany, ndipo mu 2000 lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womasulira mawu a Chinyanja m'Chinyanja momwemo. Akatswiri ake adakhalanso pansi ndi anzawo a ku Zambia ndi Mozambique, mothandizidwa ndi bungwe la CASAS la ku Cape Town, kuyesa kugwirizanitsa kalembedwe, popeza Mnyanja wa ku Chipata, wa ku Angónia ndi wa ku Dedza amamvana pakamwa koma amasiyana papepala.

M'zaka zomwezo nthambi ya zachipembedzo idayambitsa mabuku a Kachere, motsogozedwa ndi Joseph Chakanza, Kenneth Ross wa ku Scotland ndi Klaus Fiedler wa ku Germany. Cholinga chawo chidali chosavuta kumva: zofufuzidwa ku Malawi zisindikizidwe ku Malawi, pamtengo woti mphunzitsi wa ku sekondale angathe. Adasindikizanso mabuku akale amene adatuluka kunja koma eni nkhani sadawaonepo. Kwa okonda miyambi, mphatso yaikulu ya Kachere ndi buku la Bambo Chakanza la mu 2000, Wisdom of the People, momwe muli miyambi 2000 ya Chinyanja ndi matanthauzo ake. Ku Zomba Theological College, Steven Paas wa ku Netherlands adayamba ndi ophunzira ake kusonkhanitsa mawu, ntchito imene idakula mpaka kukhala dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi yomwe Oxford idasindikiza mu 2016.

Poyeza zonsezi, nkoyenera kunena mosabisa kuti mgwirizanowu sudali wa anthu olingana mphamvu. Mlendo ankabwera ndi galimoto, makina ojambulira mawu ndi ndalama za kafukufuku. Mmalawi ankabwera ndi chiyankhulo, abale ndi chidziwitso cha khomo loyenera kugogoda. Buku likatuluka ku Cambridge kapena ku Wisconsin, dzina la pachikuto limakhala la woyambayo, wachiwiriyo nkupezeka m'mawu othokoza, ndipo gogo amene adaimba nyimboyo nthawi zina osatchulidwa nkomwe. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Matepi ambiri adapita ndi eni makina. Nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Ndiponso pafupifupi zonse zimene zatchulidwa pano zidalembedwa m'Chingerezi, kotero kuti mdzukulu wa wosunga kachisi wa ku Khulubvi sangawerenge zimene zidalembedwa za agogo ake pokhapokha atapitirira ndi sukulu. Vuto lina ndi la ndalama. Pamene boma lidachepetsa thandizo lake ku yunivesite, malo a kafukufuku adayamba kudalira ntchito zolipidwa ndi mabungwe akunja, ndipo wolipira ndiye amasankha funso. Ndalama zofufuzira za Edzi, umphawi ndi zisankho zimapezeka. Zofufuzira za ndagi za Alomwe kapena nyimbo za chinamwali cha Ayao zimasowa. Izi sizichotsa ulemu wa alendo amene adaphunzira chiyankhulo, nakhala zaka zambiri pakati pa anthu, ena mpaka kuika moyo wawo pachiswe. Zikungosonyeza kuti amene adachita bwino koposa ndi amene adasiya kalumo m'manja mwa eni mudzi pochoka.

Ufulu wofufuza nawo sudabwere kamodzi nkukhazikika. Mu February 2011 mkulu wa apolisi adaitanitsa mphunzitsi wa zandale, Blessings Chinsinga, kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, ndipo aphunzitsi a ku Chancellor adanyanyala ntchito kwa miyezi yambiri kufuna chitsimikizo chakuti m'kalasi mulibe akazitape. Pa nkhani ya chiyankhulo, unduna wa maphunziro udalamula mu 1996 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo akatswiri a ku Zomba adatha zaka zambiri akukonza mfundo zoti lamulolo ligwire ntchito. Mfundozo sizidavomerezedwe, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Mu May 2021 makoleji a yunivesite yakale adapatukana: Polytechnic idakhala MUBAS, makoleji a zaumoyo adakhala KUHeS, ndipo koleji ya Chancellor idatsala yokha ndi dzina la University of Malawi, pamodzi ndi Centre for Social Research ndi Centre for Language Studies, zonse zili ku Zomba.